Phale Lochita Chuku

Ndinagwira ntchito ya ulembi kwa Profesa Crispin Tolhurst zaka 26, ndipo ndinkawadziwa kuposa mmene mkazi wawo ankawadziwira. Anali munthu woti akakuponda phazi, amayang'ana phazi lakolo ngati ndilo lalakwa kukhala pamenepo. Ndikunena izi poyambirira kuti mudziwiretu mbali imene ndili, chifukwa zimene anachitira mnzanga Doreen Pickersgill ndikazikumbuka mtima umandiwawabe mpaka lero.

Linali Lolemba, mwezi wa Novembala 1978. Lachisanu la sabata lomwelo koleji yathu inkakonza phwando lotsanzikana ndi a Profesa, poti ankapuma pa ntchito atatha zaka makumi anayi akuphunzitsa za mbiya ndi zikho za Agiriki akale. Kutchuka kwawo kunali m'diso. Ukawapatsa phale lochepa ngati bisiketi, ankangoliyang'ana pang'ono n'kukuuza mmisiri wa ku Atene amene analijambula, potengera mmene wakhotetsera khutu la munthu kapena chala cha phazi. Chinanso, ankati akaona phale ku Roma, amakumbuka kuti likulumikizana ndi lina limene lili m'kabati yathu kuno. Mwana wa m'busa wosauka wa ku Shropshire anafika potchedwa Sir Crispin, dzina laulemu loperekedwa ndi boma, chifukwa cha luso limeneli, ndipo sankalola kuti wina aiwale.

Chimene chinawakweza koposa ndi chikho chimodzi chomwera vinyo, chotambalala ngati mbale, chakuda, chokhala ndi zithunzi zofiirira za atsikana ovina. Anachitolera phale limodzilimodzi kwa zaka 17. Lina amati alipeza kwa wogulitsa zinthu zakale ku Geneva, lina kwa mayi wamasiye ku Paris, lina m'bokosi la zinyenyeswazi pamsika wina ku Italiya. Nyuzipepala zinkati n'chozizwitsa. Mapale 22 anali atamatidwa kale, ndipo lomaliza linafika papositi mu Okutobala. Linali ndi chithunzi cha dzanja la mtsikana litagwira chitoliro. Chikho chathunthu chinayenera kuonetsedwa paphwando lija.

Amene anamata mapale onsewo ndi Doreen. Bambo ake anali a mumgodi wa malasha, iye n'kuphunzira ntchito pafakitale ya mbale ali mtsikana. Dzina lake silinalembedwepo m'buku lililonse la a Profesa, ngakhale maso ake anathera pa chikho chimenechi, magalasi n'kumanenepa chaka ndi chaka. M'mawa wa Lolembalo anatsegula kabokosi ka phale lomaliza n'kupezamo thonje lokhalokha. Anakanena yekha. Pofika masana mkulu wa koleji, Dokotala Wetherall, anali atamuimitsa ntchito ndi kuitana apolisi. Munthu wagwira ntchito zaka 31, n'kumulanda makiyi pamaso pa ophunzira ngati wakuba nkhuku.

Wapolisi amene anabwera anali Sajeni Ivor Bevan, bambo wonenepa wa ku Wales, chimfine chili tho m'mphuno. Anandipempha kuti ndizimulembera zonena za mboni, komanso kuti ndizimumasulira.

"Kumasulira chiyani, a Sajeni? Onse pano amalankhula Chingerezi."

"Ndamvapo kale awiri pakhonde apo, Mayi Ellwood. Si Chingerezi chimene ndimachidziwa ine. Komanso kwathu chikho chikasweka timasesa n'kukataya kudzala. Ndiye muzindigwira dzanja."

*

A Profesa tinawapeza muofesi mwawo ataima pawindo, kaliwo wosayatsa ali kukamwa. Sanatilozere mpando.

"Sindikuloza munthu chala, Sajeni," anatero pang'onopang'ono, ngati akulankhula ndi mwana wosamva. "Ndikungoyala zinthu mmene zilili. Chipinda chomatira chili ndi makiyi awiri. Wina amakhala ndi mayi wa guluu uja, wina kwa mlonda wapakhomo. Nyumba ino imatsekedwa Lachisanu 4 koloko, ndipo wolowa pambuyo pake amasaina m'buku. Ine ndinakwera sitima ya 5 koloko kupita ku London. Loweruka ndinakamba nkhani pamaso pa anthu mazana awiri. Ndinagona kunyumba ya kalabu ya njonda kumene ndili membala, ndabwera lero 10 koloko. Tikiti ndi iyi."

"Phalelo munaliona liti komaliza, bwana?"

"Lachinayi."

"Nanga Mayi Pickersgill angabe phale limodzi kuti akatani nalo?"

"Ogula alipo. Ndamvanso kuti mayi ake ali kunyumba yosungira okalamba. Umphawi umayesa anthu, Sajeni. Ine sindikuweruza."

Nsonga ya pensulo inandithyokera papepala. Munthu amene anawamatira ulemu wawo wonse, lero wasanduka mayi wa guluu, wopanda dzina. Ndinafuna kuyankha, koma Sajeni anandiponyera diso n'kumina mwamphamvu, ine ndinameza mawu.

*

Doreen anali pabenchi m'khonde, pansi pa chiboliboli chopanda mikono, chikhoti chili m'thupi, chikwama pamiyendo. M'chipinda chake anali atamuletsa kulowa.

"Lemba zonse, Maud, usasiye kanthu," anandiuza, kenako anatembenukira kwa wapolisi. "Loweruka ndinabwera, inde, 9 koloko m'mawa. Ndinaiwala kuzimitsa chotenthetsera, ndipo ndikanachisiya mpaka lero bwenzi mukundimangira moto. Ndinasaina, ndinazimitsa, ndinatuluka. Kabokosi sindinakatsegule. Lachisanu ndinaweruka 4 koloko kukaona mayi anga, phale lili momwemo."

"A Profesa akuti analiona komaliza Lachinayi."

Doreen anavula magalasi n'kuwapukuta ndi mpango. "Atero? Ndiye akalamba msanga. Lachisanu 2 koloko ndinawaitana ndekha kuti adzaone chuku."

"Chuku?"

"Chuku, bambo, chonga cha pabuledi wogonagona. M'mbali monse mmene phale linathyokera munali mbuu. Kabokosi kanakhala pafupi ndi chotenthetsera masabata atatu, ndiye chinamera."

"Ndiye vuto n'chiyani? Kwathu chuku chimamera ngakhale pansapato."

"Nsapato ndi chikopa. Ili ndi dothi lootcha, lakhala m'nthaka zaka zikwi ziwiri ndi theka. Chuku chingadyepo chiyani? Chimamera pomwe pali chakudya. Ndinanunkhiza, kafungo ka mkaka wosasa. Nditapala pang'ono ndi kampeni, ubulawuni uja unachoka, pansi pake pali pofiira psuu, popanda ndi dothi la kumanda lomwe. Phale lothyoka kalekale silioneka choncho. Wina analipaka chinthu kuti lioneke lokalamba."

"Munawauza a Profesa zimenezi?"

"Ndinawauza kuti Lolemba ndikalipereka kwa anzathu opima zinthu kuti atiuze chomwe chapakidwa. Ine ndimaganiza kuti wogulitsa wawapusitsa, ndiye ndikuwathandiza."

"Iwo anati chiyani?"

"Anandifunsa ngati ndauzako wina. Ndinati ayi. Anati ndachita bwino."

Sajeni anatulutsa switi wa chifuwa n'kumuponya mkamwa.

"Ndakumvani, mayi, ndipo sindikuti mukunama. Koma awa ndi mawu anu kulimbana ndi mawu a munthu wotchedwa Sir. Buku la pakhomo akuti lili ndi dzina lanu lokha. Mawa masana ndiyenera kupereka lipoti, ndipo likapita mmene zililimu, mukaonekera kukhoti."

Doreen sanalire. Anangovala magalasi ake n'kufunsa kuti basi ya kunyumba ya okalamba idutsa nthawi yanji.

*

Mlonda wapakhomo, Bambo Stanley Oddie, anali msilikali wakale wolankhula ngati aliyense ali kutsidya la mtsinje. Anatilandira m'kachipinda kake atagwira buku pachifuwa.

"Buku langa silinama, bwana. Zaka 19, ngakhale mphaka sanalowepo wosalembedwa. Onani nokha. Loweruka, 9 koloko, Pickersgill. Basi, kutha kwake."

"Kiyi wanu wa chipinda chomatira anatengako ndani?"

"Palibe, bwana. Ali pamsomali wake apo, ngati msilikali paperete."

Sajeni anatseka kabuku kake n'kuimirira. Koma ine chinachake chinkandikanda mumtima chiyambire m'mawa, ndipo nditaona mvula ikuwomba pawindo ndinachikumbuka.

"Bambo Oddie, Lachisanu a Profesa anatsanzika 3 koloko chimanjamanja. Ine poweruka ndinasiya ambulera yawo ili pakona muofesi. Lero abwera nayo kuchokera kusiteshoni. Yayenda yokha kupita ku London?"

"Aaa, Mayi Ellwood, nanunso. Anabwerera kudzaitenga, cha m'ma hafu pasiti folo. Ndinawatsegulira ndine."

Sajeni anakhalanso pansi mwapang'onopang'ono. "Nanga bwanji sanalembedwe?"

"Kuwalemba a Sir Crispin? Mukundiyesa wamisala, bwana? Bukuli ndi la antchito ndi ophunzira. Akuluakulu sasaina. Zakhala choncho chikhalire koleji ino."

"Mwati kiyi sanatenge munthu."

"Sanatenge. Njonda sinyamula makiyi. Ndinawaperekeza ndekha, ndinawatsegulira chipinda chomatira, ine n'kuima panja."

"Ambulera ili muofesi, kuchipinda chomatira ankakatani?"

"Anati mwina anaiiwala kumeneko. Anakhalamo mphindi ziwiri, anatuluka, anati mulibe. Kenako tinakaipeza muofesi."

"Bambo, mayi wosalakwa atsala pang'ono kumangidwa. Simukananena izi poyamba paja?"

Bambo Oddie anatuzula maso, wodabwa zenizeni. "Munandifunsa za anthu olowa, bwana. Simunandifunse za a Profesa."

Sankanama mkuluyu. M'mutu mwake a Profesa sanali munthu wolowa, anali ngati khoma la nyumbayo. Galu wa mfumu ndi mfumu ya agalu, ndipo Bambo Oddie akanalola Doreen kupita kundende iwo akupukuta mabatani a yunifolomu yawo ndi mtima woyera. Ndinapsa mtima moti ndinatuluka osatsanzika.

*

"Kubwerera ambulera si mlandu," anatero Sajeni titakwera masitepe. "Ananama za Lachinayi, chabwino. Koma ndikapita kwa abwana anga n'kunena kuti munthu waba chuma chake chomwe, kutatsala masiku anayi kuti amuombere nacho m'manja, akandiseka. Ndipatseni chifukwa, mayi. Inu mumawadziwa."

Ndinaima pakati pa masitepe. Mkaka wosasa uja unali usanandichoke m'mutu.

"Tsiku lomwe phukusi linafika, anandipempha kapu yachiwiri ya tiyi, n'kudzitsekera. Sanachitepo zimenezo. Pobweza kapu, tiyi anali wosamwa, pansi pali timchenga tofiira, ndipo pakambale koikapo kapu panali kaburashi kojambulira. Ndinangotsuka."

"Tiyi wawo mumawapangira bwanji?"

"Mkaka wambiri, shuga masupuni atatu."

Sajeni anaseka mpaka kutsokomola. Ine sindinaseke. Tiyi wanga, wopangidwa ndi manja angawa, ndi amene anapentera bodza. Achinyengo odziwa ntchito akuti amagwiritsa ntchito tiyi wakuda wopanda kanthu, koma munthu amene sanadziterekerepo ketulo chibadwire angadziwe bwanji kuti m'kapu mwake muli chiyani?

"Izi zikutiuza kuti anadziwa kuti pothyokapo n'patsopano," anatero Sajeni. "Koma anadziwa bwanji? Ndipo akubisa chiyani chachikulu chotere?"

Ndinamutengera kuchipinda cha makhadi. A Profesa anali ndi lamulo limodzi limene ankalikhomera m'mutu mwa wophunzira aliyense: chimene sunachijambule sunachione. Mbiya iliyonse, phale lililonse limene analigwirapo m'moyo wawo, ankalijambula ndi pensulo pakhadi, mng'alu uliwonse n'kuusonyeza ndi timadontho, pakona n'kulemba tsiku ndi malo. Ngakhale pankhondo, anzawo akuthawa mabomba, iwo akuti anali m'chipinda chapansi cha nyumba ina ku Italiya akujambula mbiya. Makhadiwo anali zikwizikwi m'madilowa a matabwa, ndipo wowasanja ndinali ine. Panali dilowa imodzi yokha, ya pansi penipeni, imene anandiuza kalekale kuti amasanja okha. Inalembedwa kuti Zosadziwika Komwe Zili.

Tinagwada tonse awiri, Sajeni akudandaula mawondo. Tinapatula khadi limodzilimodzi mpaka kunja kunayamba kuchita mdima wa madzulo a nyengo yozizira. Kenako zala zanga zinaima zokha.

Chinali chikho chathu. Atsikana onse asanu ndi mmodzi akuvina, ndi dzanja lija litagwira chitoliro, chala chilichonse pamalo pake. Panalibe kadontho ka mng'alu ngakhale kamodzi. Pakona, m'zilembo zing'onozing'ono zimene ndinkaziwerenga tsiku ndi tsiku, panalembedwa kuti: Geneva, 9 Meyi 1961. Chathunthu.

"Phale loyamba linafika liti kuno?" anafunsa Sajeni motsitsa mawu.

"Seputembala chaka chomwecho."

"Ndiye anajambula dzanja limene anadzaliona patapita zaka 17."

"Ayi, a Sajeni. Analiona tsiku lomwelo, chikho chisanasweke."

Munthu wina aliyense akanaliwotcha khadi limenelo kalekale. Iwo sakanatha. Kuwotcha khadi kunali ngati kudzikolowola diso, ndiye analisunga m'nyumba momwemo, mamita khumi kuchokera patebulo langa.

*

Lachiwiri m'mawa tinakumana muofesi ya Dokotala Wetherall. Sajeni anaumirira kuti Doreen akhalepo. Mkulu wa kolejiyo anavomera monyinyirika, n'kumupatsa mpando wapafupi ndi chitseko.

Sajeni anaika khadi patebulo. A Profesa analitola, anavala magalasi, n'kuliyang'ana nthawi yaitali. Ndinkayembekezera kuti anjenjemera kapena akana. Iwo anangopendeketsa mutu.

"Chala chachikulu ndinachitalikitsa pang'ono," anatero. "Nyali ya m'chipinda chija inali yosawala."

"Crispin, usanene kanthu," anatero Dokotala Wetherall.

"Bwanji, Gerald? Anthu awa sangamvetse, koma iwe uyenera kumva. Chikho ichi chinafukulidwa m'manda ku Italiya ndi anthu osafunsa chilolezo. Chathunthu sichikanalowa m'nyumba yoonetsera zakale iliyonse yaulemu wake, chifukwa akanafunsa kumene chachokera. Chikanathera m'chipinda cha munthu wolemera, osaonedwanso. Koma phale, ndani amafunsa kwawo kwa phale? Mapale amayenda m'maenvelopu, amaperekedwa ngati mphatso. Ndinachipulumutsa. Lero mwana aliyense wa m'tauni muno angachione ulere."

"Ndipo inu n'kutchuka kuti muli ndi diso lozizwitsa," anatero Sajeni.

"Diso ndili nalo. Zimenezo musazikayike."

"Nanga tiyi?"

Apa m'pomwe nkhope yawo inasintha, osati ndi manyazi koma ndi kunyansidwa. "Mnzanga wa ku Geneva ndi amene ankakonza m'mbali mwa mapale asanatumize. Anamwalira mu Epulo. Mkazi wake anangotumiza lomaliza mmene linalili. Ndinachita zimene ndikanatha."

"Phalelo lili kuti, bwana? Munaliponya mumtsinje ku London?"

A Profesa anamuyang'ana ngati watukwana m'tchalitchi. Kenako anapisa dzanja m'thumba la jekete, anatulutsa chitini cha fodya n'kuchitsegula. Phale linali mmenemo, lokulungidwa m'kampango koyera, litatsukidwa bwinobwino.

"Ndikanalibweza phwando litapita, litauma. Likanapezeka kuseri kwa kabati."

"Mayi Pickersgill atachotsedwa kale ntchito," ndinatero ine. Aka kanali koyamba kuwalankhula osafunsidwa. "Atalembedwa kale m'nyuzipepala kuti ndi wakuba."

"Ndikanamulembera kalata yabwino yokafunira ntchito kwina, Mayi Ellwood. Mukanaitaipa ndinu."

Dokotala Wetherall anawomba m'manja kamodzi, mofatsa, ngati wotseka msonkhano. "Chabwino. Chinthu chapezeka, ndiye palibe kuba kulikonse. Kunali kusamvetsetsana basi. Sajeni, tikuthokoza. Mayi Pickersgill, makiyi anu ndi awa. Mukayamba lero, phaleli likhala litamatidwa pofika Lachisanu, eti? Zinazi zithere m'chipinda muno. Alendo akuchokera kutali, ndipo dzina la koleji ndi la tonsefe."

Dzulo lomweli dzina la Doreen linali lake yekha pomwe ankamulanda makiyi pakhonde. Lero dzina la koleji lasanduka la tonsefe.

Doreen sanawagwire makiyiwo. Anaimirira n'kuyandikira tebulo, maso ali pa a Profesa.

"Ndili ndi funso limodzi, a Profesa. Pochiswa, munalipo?"

"Zimenezo zilibe ntchito."

"Kwa ine zili ndi ntchito. Zaka zonsezi ndinkadabwa. Zikho zina zikasweka, mng'alu umadutsa pankhope, pamaso, paliponse. Ichi ayi. Nkhope zonse zisanu ndi imodzi zili bwinobwino, mng'alu umazilambalala. Ndinkauza Maud kuti chikho ichi chili ndi mwayi. Munalipo?"

A Profesa anawongola msana. Ndikulumbira, m'mawu awo munali kunyada.

"Mukuganiza kuti ndikanasiyira wamalonda ntchito ngati imeneyo? Ndinalemba ndekha ndi choko pomwe pofunika kuthyola. Ndinatha tsiku lathunthu. Zinakupepukiraninso inu, mayi, chifukwa mapale onse analumikizana popanda chosowa."

Chikho chinapirira m'manda zaka zikwi ziwiri ndi theka osang'aluka, n'kudzakumana ndi munthu amene ankachikonda kuposa wina aliyense padziko, iyeyo n'kuchilemba choko.

Sajeni anatola khadi ndi chitini n'kuziika m'thumba lake.

"Pepani, a Dokotala, sizithera muno. Kunamizira munthu kwa apolisi ndi mlandu, ndipo a ku Italiya ayenera kumva za manda awo. Lipoti langa linena kuti Mayi Pickersgill alibe mlandu uliwonse, ndipo kope lake ndilikhoma ndekha pabolodi lanu pakhonde." Anatembenukira kwa Doreen. "Mayi, ndikufuna kuona m'mbali mwa mapale enawo, onse 22. Umboni wanga uli mkati mwa guluu wanu. N'zotheka?"

"N'zotheka," anatero Doreen. "Ife sitimata chinthu choti sichingamatulidwe. Ndi lamulo la ntchito yathu."

Pamenepo m'pomwe anatola makiyi ake.

*

Musaganize kuti chilungamo chinayenda mpaka kumapeto. Phwando linalephereka, inde, koma chikalata chimene koleji inatulutsa chinati a Profesa adwala mwadzidzidzi. Mlandu wonamizira unazimiririka m'maofesi a anthu amene anaphunzira nawo sukulu imodzi. A Profesa anakakhala kumudzi, n'kulemba mabuku ena awiri, ndipo atamwalira nyuzipepala zinawalira ndi masamba athunthu. Doreen anakhalabe pantchito, dzina lake litayera, koma palibe mkulu aliyense wa koleji amene anamupatsanso moni pakhonde. Ine ndinasamutsidwa kukataipa mindandanda ya chakudya kukhitchini, ndipo sindinong'oneza bondo.

Chimene sindiiwala ndi Lachitatu la sabata limenelo. Doreen anandipempha kuti ndikakhale naye m'chipinda chomatira. Anatsegula mawindo onse ngakhale kunkazizira, anathira mankhwala osungunula guluu m'beseni lagalasi, n'kuyala thonje pansi pake. Kenako anatenga chikho ndi manja awiri. Anachizunguliza pang'onopang'ono kuwala kwa pawindo, atsikana aja akudutsa mmodzimmodzi pamaso pake.

"Ili ndinamata chaka chimene bambo anga anamwalira," anatero akuloza ndi chala. "Ili linanditengera miyezi itatu. Apa m'pomwe adokotala anandiuza kuti diso lakumanzere layamba kufa. Ndinati palibe kanthu, bola ndibweze chinthu chimene nthawi inawononga."

"Doreen, ukhoza kudikira mawa."

"Ayi, mnzanga. Ndikachigoneka tsiku lina ndichimvera chisoni."

Anachitsitsira m'beseni n'kuvundikira. Tinakhala pamenepo tonse awiri titavala makhoti. Patapita kanthawi tinamva kaphokoso kakang'ono, phale loyamba likumasuka n'kugona pathonje. Kenako lina, kenako lina. Doreen ankawatola limodzilimodzi ndi kachitsulo kopanira, n'kuwayala pansalu motalikirana, mmene anafikira kwa iye. Atatola lomaliza anavula magalasi n'kuphimba kumaso ndi manja onunkha mankhwala.

"Sindinali kukonza chimene chinasweka, Maud," anatero. "Ndinali kumuthandiza kubisa. Maso anga onse ndinawapereka kwa wakuba, ndipo ntchito yake ndinaigwira bwino moti palibe anazindikira."